Zibuluzi za Angel ndi chitenje changa

Lachisanu, 20 Okutobala

Sukulu atsekera lero, holide ya sabata imodzi. Angel wabwera ndi chithunzi chojambula yekha, chibuluzi chobiriwira cha mano ngati sowo. Ndati, "Chakongola." Sanayankhe. Wakachimata pa fuliji n'kukhala pansi kudikira kuti bambo ake adzuke awaonetse.

Miyezi isanu tsopano ndili m'nyumba muno ku Woolwich, kudziko la azungu kuno, mkazi wa a Goodwell, ndipo mwana wawoyu sanandiitanepo dzina lililonse. Akafuna madzi amangoima pafupi ndi sinki. Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chingelezi, nachonso kwa bambo ake okha. Sindimuimba mlandu. Mayi ake, a Melissa, anamwalira iye ali ndi zaka zitatu, pano ali ndi zisanu. Ine ndi munthu amene anangotulukira pa eyapoti ndi sutikesi.

Koma ana ndimawadziwa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6 kuti ndilere azing'ono anga atatu mayi atadwala. Onse anakula, palibe anapsa pamoto kapena kugwera m'chitsime. Pakamwa pokha ndi pamene pamandilemera. Papepala pano ndimalongolola ngati wailesi.

Zibuluzi zija dzina lake ndi madainaso. Zili paliponse, pakapu, pa zovala zogonera, ngakhale pa mswachi. China chapulasitiki, chakhosi lalitali, amagona nacho.

Loweruka, 21 Okutobala

A G. analonjeza kalekale kuti holide ino adzapita naye ku Crystal Palace, paki ya madainaso akuluakulu. Lero abwera kuchokera kuchipatala nkhope itagwa. Awaika mashifiti a usiku sabata yonse, anamwino anzawo awiri akudwala. Angel atamva wakalowa pansi pa tebulo ndi chibuluzi chake.

Iwo akuti Lolemba ndimutengere ku mashopu aakulu, kwabwera madainaso oyendera magetsi. Ndi pafupi. Ndavomera msanga, mwina msanga kwambiri.

Lamulungu, 22 Okutobala

Kutchalitchi. Anti Rabecca, akulu awo a malemu a Melissa, amugulira Angel majombo a mvula okhala ndi mano a dainaso kutsogolo. Ine andipatsa moni wa m'mphuno. Majombowo ndaona kuti ndi othina kuchidendene. Sindinanene.

Lolemba, 23 Okutobala

Ndalakwitsa.

Basi ndinakwera bwino, khadi lolipirira ndinagunditsa bwino, ndinatsika pamalo pake. Mzere wa ana unali wautali mpaka pakhomo la shopu ya nsapato. Tili pakati pa mzerewo ndinafuna kupita kuchimbudzi. Ndinamuuza Angel kuti tipite tonse, anakana, anagwira chingwe cha mzere ndi manja awiri kuopa kutaya malo. Kumbuyo kwathu kunali mayi wa ana awiri, wankhope yabwino, womwetulira. Ndiye ndinachita zomwe mzimayi aliyense amachita kuchigayo, kusikelo, pa depoti ya Kasungu. Ndinamulozera mwana, ndinati andionereko pang'ono, n'kuthamanga.

Chimbudzi chinali patali, nakonso kunali mzere. Pobwera ndinapeza anthu atazungulira. Mayi uja nkhope ili gwaa, akulankhula mokweza, foni ili m'manja. Mlonda atagwada pamaso pa Angel, akumufunsa dzina la mayi ake. Angel sanalire. Anangoyang'ana nsapato zake.

Chingelezi chonse chinathawa, ndinangoti, "Mayo, mwana wanga." Mlondayo anatembenuka. Pachifuwa panalembedwa kuti Roy.

"Sisi, ndimwe ba ku Malawi?" Wa ku Zambia! Anandikokera pambali. "Kuno sibasiya mwana na munthu wamene simuziba. Aba amai benze bafuna kuitana ba polisi. Nabauza ati lindilani. Tengani mwana muyende, ine nizakamba nabo."

Tinatuluka osaona ngakhale mchira wa dainaso. Tinkangomva kubangula kwake kuseri kwa katani. Titafika kunyumba Angel anatenga tabuleti n'kuwaimbira anti ake.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Anti R. anabwera masana, yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi. Ndinawapatsa tiyi chogwada. "Dzukani, kuno sitigwada." Anadzutsa a G. kutulo.

"Alamu, ine sindikudana naye mtsikanayu. Ndi waulemu, nyumba ikuwala. Koma kuno si kumudzi. Mlonda uja akanangowaimbira a boma oona za ana, bwenzi pano tikunena zina. Inu usiku muli kuntchito, masana muli mtulo. Mwana wa mng'ono wanga ali m'manja mwa ndani?"

Maganizo awo ndi akuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi amutenge Angel, azikakhala nawo ku Croydon. Sukulu akamupezera komweko. Kuno azibwera Loweruka.

A G. anatikita m'maso nthawi yaitali n'kuti, "Tiganizire, alamu." Ndawadziwa tsopano. Akati tiganizire ndiye kuti atopa, avomera.

Ine zonena ndinali nazo zambiri, koma chomwe chinatuluka ndi "Pepani" basi.

Kulakwa ndalakwadi. Koma ndi kulakwa kwa mlendo, osati kwa munthu wosadziwa mwana. Za mlendo zimaphunziridwa. Mwanayu akapita ku Croydon sadzandizolowera mpaka kalekale, ndipo bambo ake enieni azidzamuona ngati wobwera kudzacheza.

Lachitatu, 25 Okutobala

Ndalankhula!

Ndinawadikira a G. akuvala nsapato zopitira kuntchito, kuti asandiyang'ane kumaso. Ndinati, "Loweruka ndikufuna ndipite naye ku Crystal Palace. Ndekha." Anasiya kumanga chingwe.

"Lois, ukudziwa kumene kuli?"

"Mawa ndikadziwa."

Anaseka pang'ono, kuseka koyamba chiyambire Lolemba. Akuti foni ikhale yoyatsa, ndipo ndisamusiye mwana ngakhale ndi m'busa.

Lachinayi, 26 Okutobala

Anti R. amutenga Angel tsiku lonse, akuti akaone chipinda chake chatsopano. Ine ndapita kukaona njira.

Basi ndi imodzi yokha, 122, kuchokera pafupi ndi kwathu mpaka kumapeto kwake. Ndi basi yosanja, ndiye ndinakhala m'mwamba, kutsogolo, ndikuloweza zizindikiro ngati mmene ndinkachitira popita kumunda wa kudambo. Msika wa Lewisham. Mlatho wa sitima. Kenako chitunda, basi ikubuula ngati ya ku Ntchisi. Pamwamba pali chinsanja chachitsulo chachitali zedi, chimaoneka uli paliponse m'pakimo. Munthu sungasochere, ukangochiyang'ana wadziwa kumene kuli basi.

Madainaso ali kumunsi kwenikweni, uyenera kutsetsereka paki yonse. Nditawaona ndinaseka ndekha mpaka bambo wina wa galu anandicheukira. Zinyama zazikulu kuposa ng'ombe zitatu, zotuwa, zitagona pa tizilumba pakati pa dziwe, abakha akungodutsa m'mphepete osaziopa. China chatsegula kukamwa ngati ng'ona yowothera dzuwa. China chikukwera mtengo. Sizisuntha, sizibangula, palibe mzere, palibe cholipira. Pali mpanda, ndiye mwana sangagwere m'madzi pokhapokha utagona.

Chimbudzi ndachipeza, chili pafupi ndi kafe. Ndalowamo dala. Tikwanamo awiri.

Pobwerera chitundacho chinanditulutsa thukuta. Kwa mwana chikhala chachitali. Ndiganizirepo.

Angel wabwera ndi nkhani yoti kwa anti kuli bedi la makwerero. Amauza bambo ake. Ine ndimatsuka mbale, ndimamva.

Lachisanu, 27 Okutobala

Ndakazinga mandasi, ndaphika mazira, ndadula maapozi. Botolo la madzi, pulasitala, sokosi zina. Pansi penipeni pa chikwama ndaika chitenje chimene mayi anandipatsa tsiku lonyamuka, chabuluu cha maluwa achikasu. Chifikireni sichinatulukepo m'sutikesi. A G. anachiona.

"Chimenecho n'chachiyani? Kuno anthu akuyang'ana, iwe sukonda kuyang'anidwa."

Ndinati n'chokhalira pa udzu. N'zoona, ndimo ndimaganizira.

Madzulo Angel amafoletsa zibuluzi zake pa kapeti, akuzitchula mayina aatali aja. Sindikudziwa chinandigwira, ndinangoti, "Kwathu ku Malawi kulinso dainaso." Anati m'Chingelezi, osatembenuka, "Bodza." Liwu loyamba lolunjika kwa ine, ndipo ndi bodza!

Ndinati ndinamuona ndi maso angawa. Ndili mtsikana ndinaperekeza azakhali ku Karonga kukagula mpunga, lole itachedwa tinalowa m'nyumba yosungira zinthu zakale. Mafupa ake aima m'menemo, khosi lalitali ngati la chibuluzi chogona nacho chija. Dzina lake limayamba ndi Malawi.

Anathamangira kwa bambo ake ndi tabuleti. Analemba, anapeza. Malawisaurus. Anabwera nayo n'kuima patsogolo panga, kundiyang'ana m'maso mwenimweni.

"Anali wamkulu bwanji?"

"Ngati basi ya mawa."

Anaganiza. Kenako anatenga chakhosi lalitali n'kuchiika m'chikwama changa, pamwamba pa mandasi.

Loweruka, 28 Okutobala

Msana ukuwawa, koma ndilembe zonse ndisanaiwale.

Angel anaumirira kuvala majombo a anti. Ndinati nsapato zakale zili bwino, majombowa akuluma. Anapukusa mutu. Sindinafune kuyamba tsiku ndi misozi, ndinangomuveka sokosi zochindikala.

M'basi tinakhala m'mwamba, kutsogolo. Ndinkamuuziratu, tsopano kukubwera msika, tsopano mlatho, ndipo zikabweradi ankandiyang'ana chammbali ngati ndine mlosi. Titatsika ndinamugwira dzanja. Sanalichotse.

Choyamba chimbudzi. Ndinati, "Tilowa tonse, utembenukire kukhoma." Anatembenuka akuseka kikiki, n'kufunsa ngati kwathu anthu amasiyiranadi ana. Ndinati inde, kwathu mzimayi aliyense ndi mayi wa mwana amene ali pafupi naye, koma kuno ndaphunzira kuti ayi. Anati, "Mayi uja ankanunkha anyezi." Basi, nkhani ya Lolemba yathera pomwepo.

Atawaona madainaso, Angel anakuwa, abakha anabalalika. Anathamanga m'mbali mwa mpanda, ine pambuyo. Ndiye kuyankhula! Mwana amene miyezi isanu samanditsegulira pakamwa! Akuti anthu akale amene anawaumba analakwitsa, sanali kudziwa maonekedwe ake enieni. Akuti nyanga imene ili pamphuno ya chachikulu chija si nyanga, ndi chala chachikulu cha kudzanja, anangochiika polakwika. Ndinati, "Ndiye aziphenso ntchentche ndi mphuno?" Anaseka mpaka kukhala pansi. Theka la Chingelezi chake sindinalimve, koma ndinkavomera ndi mutu, iye osaleka. Anatulutsa chakhosi lalitali kuti chione abale ake. Tinayala chitenje pa benchi chifukwa udzu unali wonyowa, tinadya. Mandasi anadya atatu. A G. anaimba, Angel analanda foni, "Dadi, tili bize."

Tinazungulira dziwe kawiri. Ulendo wachiwiri ndinaona akutsimphina koma akubisa. Mitambo inada, kamvula kanayamba. Titafika patsinde pa chitunda anangokhala pansi panjira. Ndinavula jombo lakumanzere. Chidendene chasupuka, sokosi yamatirira ndi magazi pang'ono. Ataona magaziwo ndi pamene analira, kulira kwenikweni, kuitana bambo ake, kenako kuitana mayi ake.

Ndinatsuka ndi madzi a m'botolo, ndinamata pulasitala, ndinamuveka sokosi youma. Jombo silikanalowanso. Ndinayang'ana chinsanja chija, chili kutali kumwamba. Kumunyamula m'manja ndi chikwama ndi majombo, sindikanafika ngakhale theka. Njira inali yodzadza anthu othawa mvula, makolo okankha tingolo ta ana, anyamata othamanga.

Ndinatulutsa chitenje. Chimene ndinkaopa ndi maso a anthu. Ndinawerama n'kuti, "Kwera pamsana." Anasiya kulira kuti aone chimene ndikuchita. Anakwera. Ndinaponya chitenje, ndinachikokera pansi pa matako ake, mbali ina paphewa, ina kukhwapa, mfundo pachifuwa. Manja anakumbukira okha. Nditaweramuka ndinamva thupi langa likubwerera m'malo mwake, ngati miyezi yonseyi ndimayenda nditavala nsapato za wina.

Kuyang'ana anayang'anadi. Ana ena analoza. Mayi wina amene kangolo kake kanatitimira m'matope anandiuza akupuma wefuwefu kuti nayenso akufuna nsalu yotero. Ndinamumwetulira, ine amene sindimwetulira anthu osawadziwa. Ndinamupitirira. Ndinapitiriranso ena awiri. Mwana wa zaka zisanu ndi wolemera, miyendo yake yaitali imandimenya m'ntchafu, koma ndinasenzapo matumba a chimanga oposa pamenepo.

Pakati pa chitunda ndinamva tsaya lake likutsamira pakhosi panga. Kenako kamawu, m'khutu mwenimweni: "Mami ankandichita chonchi?"

Ndikanatha kunena kuti inde. Koma sindinawaonepo a Melissa. Ndinati, "Sindikudziwa. Ukawafunse anti ako, iwo akudziwa."

Pofika pa basi anali atagona. Sindinamumasule. Ndinakhala pansi, m'mphepete mwa mpando, chowerama pang'ono, ulendo wonse mpaka Woolwich. A G. atatsegula chitseko anandilandira majombo.

Za mawa sitinakambe. Zovala zake ndalongedza m'thumba monga anti ananenera. Lili pakhomo.

Lamulungu, 29 Okutobala

Anti R. tinabwera nawo kuchokera kutchalitchi, makiyi a galimoto ali m'manja, osafuna n'kukhala komwe. Pulasitala anaiona kale kutchalitchi.

"Ndiye mwana wapita wabwinobwino, wabwera ndi bala?"

A G. anati ndi majombo, ndi othina. Anti anati majombowo anagula okha, saizi amaidziwa. Ine ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha. "Ndi othina kuchidendene, anti. Ndinaona tsiku lomwe lija koma ndinaopa kunena. Ulendo wina ndidzanena." Onse awiri ananditembenukira ngati mpando walankhula.

Anti anaitana, "Angel, tiye, tenga jekete."

Anatuluka kuchipinda chowerama, akuyenda pang'onopang'ono. Chitenje changa chikukwekwereka pansi, pamsana waikapo chibuluzi chakhosi lalitali, dzanja limodzi akuchigwirira kuti chisagwe. Anadutsa bambo ake, anadutsa thumba, anaima patsogolo panga n'kunditembenuzira msana. M'Chichewa, chopotoka koma Chichewa: "Mangani."

Ndinapinda chitenje pawiri kuti chimukwane. Ndikumanga, iye anawafunsa anti ake funso la dzulo lija.

Anti anaika makiyi pa tebulo.

"Ankakubereka. M'nyumba mokha, panja ankachita manyazi." Anayang'ana chitenje. "Mayi akowo ndinkawabereka ine, ku Zomba, popita kumjigo. Anali olemera ngati iwe, ndiponso ankandiluma paphewa."

"Ine sindinalume," anatero Angel.

"Unagona," ndinatero ine.

Anti anagwada pa kapeti, iwo amene amati kuno sitigwada, ndi diresi lawo la kutchalitchi. Anagwira mfundo yanga, anaikoka kuyesa ngati ingamasuke. Sinamasuke. Anakonza mutu wa chibuluzi kuti utulukire bwino pamwamba pa nsalu, n'kukhala choncho kanthawi, dzanja lili pamsana pa mwana.

Atadzuka anati, "Lois, sukulu amalowa nthawi yanji mawa, ukudziwa?" Ndinawauza. Ndinawauzanso kuti Lolemba amavala zamasewera.

Anayang'ana thumba lija pakhomo, anayang'ana a G., n'kuti, "Alamu, chotsani ichi panjira, munthu angapunthwe. Mandasi aja ndamva atsala?"

Ndaika madzi a tiyi pamoto. Angel akuzungulira tebulo ndi mwana wake kumsana, akuti akupita naye ku Karonga.